Makala a kuchipatala ndi ola loyamba munthu akamwa poizoni

Chaka china m'nyengo yopopera tomato, kumudzi kwa amayi anga cha ku Tsangano m'boma la Ntcheu, ndinaona mayi wina atagwada pambali pa mtondo akusinja makala amene anawatola m'mbaula. Mwana wake wa zaka zitatu anali atapeza kapepala ka mapilitsi a khunyu a agogo ake pansi pa mphasa, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti wameza angati. Pakhonde panadzaza anthu, aliyense ndi nzeru yake. Wina ankati amumwetse mkaka, wina dzira laliwisi, wina madzi amchere kuti asanze, koma maganizo amene anapambana anali a makala, chifukwa mnyamata wina amene anadwazikapo m'bale wake kuchipatala ananenetsa kuti anaona ndi maso ake anamwino akumwetsa wodwala madzi akuda bii a makala. Mnyamatayo sananame ayi. Chimene sankadziwa n'chakuti makala amene anawaona kuchipatala si amene timaphikira nyemba, ndiponso kuti nthawi imene inkatha posinja, posefa ndi pokangana ndi imene mapilitsi aja ankasungunukira m'mimba mwa mwanayo n'kumalowa m'magazi. Anamukweza pa njinga yamoto patapita maola awiri, maso ali lende ngati wa tulo.

Makala a kuchipatalawo, amene madokotala amawatchula kuti activated charcoal, chiyambi chake n'chimodzimodzi ndi cha makala amene timagula m'matumba m'mbali mwa msewu wa M1. Opanga amatenga zigoba za kokonati, mitengo kapena malasha n'kuziwotcha pamalo popanda mpweya wokwanira, monga momwe owotcha makala amakwiririra uvuni wawo ndi dothi kuti nkhuni zisasanduke phulusa. Kusiyana kumabwera pa ntchito yachiwiri, imene wowotcha makala wa kumudzi sangaithe: makalawo amawaika m'ng'anjo yotentha madigiri 800 mpaka 1,000 n'kumawapemerera nthunzi, kapena amayamba anyika zipangizozo m'mankhwala ena monga asidi asanazitenthe. Nthunziyo imabowola kachidutswa kalikonse ka khala monga anankafumbwe amabowolera njere ya chimanga, n'kusiya timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, tolumikizana mkati. Titati tiyale pansi makoma onse a timabowo ta mu galamu imodzi yokha, angakute malo okwana masikweya mita 1,000 kapena kuposerapo. Izi zikutanthauza kuti magalamu 50 amene amamwetsa munthu wamkulu ali ndi malo aakulu ngati mabwalo a mpira 7, onsewo atapindidwa m'kapu imodzi.

Khala la m'mbaula lilinso ndi timabowo, koma tambiri n'totsekeka ndi zotsalira za utsi ndi utomoni wa mtengo, moti malo amene poizoni angamatirirepo ndi ochepa kwambiri powayerekeza ndi a kuchipatala, ngakhale mutalisinja mpaka kusalala ngati ufa woyera. Kuwonjezera apo limabwera ndi phulusa, dothi, ndipo nthawi zina parafini kapena pulasitiki imene anakolezera moto.

Ambiri timaganiza kuti makala amapha poizoni kapena amamusungunula, koma sachita chilichonse mwa ziwirizi. Amene anadutsapo m'munda mwa chisoso chokhwima amadziwa momwe tinjere take timakakamirira ku chitenje kapena ku buluku. Tizidutswa ta poizoni tikakhudza makoma a timabowo tija timakakamira chimodzimodzi, ndipo popeza makalawo sagayika m'mimba komanso sangabowole khoma la matumbo kuti alowe m'magazi, amayenda ulendo wonse wa m'matumbo atanyamula poizoniyo mpaka kukatuluka naye limodzi m'chimbudzi. N'chifukwa chake wodwala amene wamwa makala amachita chimbudzi chakuda tsiku limodzi kapena awiri, ndipo owadwazika asamachite nacho mantha. Koma pamenepa m'pamenenso pali malire a mankhwalawa. Makala amagwira poizoni yekhayo amene akadali m'chifu ndi m'matumbo. Amene walowa kale m'magazi n'kufika kuchiwindi, kumtima kapena kuubongo, makala amene ali m'mimba sangamutsatire kumeneko, kupatula pa mankhwala ochepa amene ndiwatchule patsogolo.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Mu 1773 katswiri wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, anaonetsa kuti makala amagwira mitundu ya mpweya. Nkhani imene ophunzira za mankhwala amaimva kawirikawiri ndi ya Touéry, wodziwa za mankhwala wa ku France, amene mu 1831 anamwa poizoni wotchedwa strychnine wochuluka kakhumi kuposa wokwanira kupha munthu, atamusakaniza ndi magalamu 15 a makala, pamaso pa madokotala akuluakulu a ku Paris, ndipo sanafe. Dziwani kuti iye anamwera poizoni ndi makala pamodzi, mwayi umene wodwala weniweni sakhala nawo. Njira yopangira makala amphamvu m'mafakitale inadza cha m'ma 1900 ndi Raphael von Ostrejko, ndipo pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, mu 1915, Nikolay Zelinsky wa ku Russia anawaika m'zophimba kumaso zotetezera asilikali ku utsi wapoizoni. Chimene chimanditonthoza ndikakumbukira mtondo wa ku Tsangano n'chakuti azungu nawonso anasokera njira yomweyi. Kwa zaka zambiri mabanja a ku Ulaya ndi ku America ankalangizidwa kuti munthu akamwa poizoni amupatse buledi wopserera, tiyi wowawa ndi mankhwala a m'mimba a magnesia, poganiza kuti buledi wakudayo ndi makala, mpaka ofufuza ataonetsa kuti buledi wopserera sagwira poizoni. Makala enieni anayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipatala kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO.

Funso limene linavutitsa madokotala kwa nthawi yaitali linali lakuti makala amathandiza mpaka nthawi yanji munthu atameza chinthu. Ofufuza ankapatsa anthu athanzi, amene anadzipereka okha, mlingo wosaopsa wa mankhwala ena, kenaka n'kuwamwetsa makala pa nthawi zosiyanasiyana, n'kumayeza magazi awo. Mabungwe awiri a akatswiri a za poizoni, la American Academy of Clinical Toxicology ndi la European Association of Poisons Centres and Clinical Toxicologists, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wotereyu n'kutulutsa malangizo mu 1997, amene anawakonzanso mu 2005. Anapeza kuti makala okwana magalamu 50 akamwedwa patapita mphindi 30, mankhwala olowa m'magazi amachepa ndi magawo pafupifupi 47 pa 100 alionse. Patapita ola limodzi amachepa ndi magawo 40. Koma pakatha maola awiri phindu lake limatsika kufika pa magawo osakwana 20. Pa chifukwa chimenechi anagamula kuti makala asamaperekedwe mwachizolowezi kwa aliyense amene wamwa poizoni, koma aziganiziridwa ngati munthu wameza mlingo woopsa wa chinthu chimene makala amachigwira, ndipo wafika ola limodzi lisanathe.

Tsopano ola limenelo tiliike pa nthaka ya kwathu. Munthu amene ali m'mapiri a ku Tsangano, kumadimba a ku Bembeke kapena kutsidya kwa mtsinje wodzaza ku Bwanje m'mwezi wa Febuluwale, ayenera kuti ayambe wapezeka ndi abale ake, abalewo apeze wa njinga yamoto, agwirizane mtengo, adutse msewu woterera, afike pachipatala chaching'ono, ndipo mwina kumeneko awatumizenso kuchipatala chachikulu cha boma ku Ntcheu kapena ku Dedza. Ngakhale zonse zitayenda bwino, ola limatha ali panjira. Ndiye mphindi 40 zimene zimathera pakhonde poyesa mkaka ndi mazira zimachotsedwa pa nthawi imene inali yoperewera kale. Ine ndimaona kuti apa m'pamene pagona nkhani yonse ya makala kwa ife a kuno, kuposa pa mtundu wa makalawo.

Komabe, munthu asamve izi n'kunena kuti ola likatha palibenso chopitira kuchipatala. Pali mapilitsi ena amene anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono, pali mankhwala amene amachedwetsa matumbo monga amitriptyline ndi morphine, ndipo asipirini wambiri amatha kuumbana m'chifu n'kukhalitsa momwemo. Pa zoterezi dokotala angathe kupereka makala ngakhale patapita maola angapo. Chachikulu kuposa apo n'chakuti makala ndi chida chimodzi chabe, ndipo nthawi zambiri si chimene chimapulumutsa moyo. Panado ndi chitsanzo chabwino. Munthu amene wamwa panado wochuluka amatha kuoneka bwinobwino tsiku loyamba, akuyenda ndi kudya, chiwindi chake chikuwonongeka mwakachetechete, zizindikiro n'kudzaonekera tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Mankhwala ake enieni ndi acetylcysteine, amene amateteza chiwindi bwino kwambiri akayambidwa maola 8 asanathe. Banja limene lanena kuti “poti wamwa makala, tiyeni tigone tione mawa” likhoza kutaya munthu amene akanachira.

Kamwedwe kake n'kosasangalatsa. Munthu wamkulu amapatsidwa magalamu 50, nthawi zina mpaka 100, osungunulidwa m'madzi okwana kapu yaikulu imodzi, ndipo mwana amapatsidwa pafupifupi galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Madokotala amafuna kuti makala achuluke kakhumi kuposa poizoni amene wamezedwa. Alibe fungo kapena kukoma kwenikweni, koma amamveka ngati mchenga m'kamwa, amadetsa mano, lilime ndi zovala, ndipo odwala ena amasanza. Ana amawakana akangoona mtundu wake, kotero anamwino ena amawathira m'kapu yosaonekera mkati n'kuikamo kapaipi koyamwira. Timapilitsi ta makala timene timagulitsidwa m'mafamase tothandiza mpweya wa m'mimba nthawi zambiri timakhala ta mamiligalamu 250 kamodzi, choncho kuti munthu akwanitse magalamu 50 angafunike kumeza timapilitsi 200, ndipo amene wameza tinayi n'kudziona ngati watetezeka wadzinamiza.

Ngozi yaikulu ya makala ili pakhosi. Njira ya chakudya ndi njira ya mpweya zimayambira malo amodzi, ndipo munthu amene ali maso amatseka yekha njira ya mpweya pomeza, kapena amatsokomola chinthu chikalowera kolakwika. Munthu amene akuwodzera, wakomoka kapena akuphupha sangachite zimenezi. Mukamuthira madzi a makala m'kamwa, kapena akasanza makala amene anamwa ali maso, amalowa m'mapapo, ndipo m'mapapomo sasungunuka. Amatseka tinjira ta mpweya n'kuyambitsa chibayo choopsa chimene chaphapo anthu amene poizoni yekha sakanawapha. Kuchipatala, wodwala wotere amayamba amuteteza njira ya mpweya ndi chubu ngati zipangizo zilipo, kenaka n'kupereka makala kudzera pa chubu cha pamphuno chimene atsimikiza kuti chafika m'chifu. Ngati zimenezi sizingatheke, dokotala wanzeru amawasiya makalawo. Lamulo lomweli likukhudza mkaka, phala ndi madzi: munthu amene sakuyankha bwino musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni cham'mbali kuti masanzi azitulukira kunja.

Palinso zinthu zimene makala sazigwira, ndipo mwatsoka zingapo mwa izo ndi zimene zimapezeka m'nyumba zathu. Parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi msampha wakale wa ana aang'ono. Kuopsa kwa parafini ndi petulo sikuli kwenikweni m'mimba koma m'mapapo, pakuti dontho lochepa likalowamo limafalikira n'kuwononga malo aakulu, choncho chilichonse chimene chingachititse mwana kusanza, kaya ndi makala, kaya chala cha kukhosi, chimawonjezera ngozi. Asidi wa m'batire ndi kositiki soda zimawotcha kukhosi ndi chifu nthawi yomweyo. Makala saziletsa, amangodetsa zilondazo kuti dokotala asathe kuziona bwino, ndipo kusanzitsa munthu wotere n'kumuwotcha kachiwiri. Mapilitsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo ali ndi ayironi, amene ndi woopsa kwa mwana akawameza ambiri, koma ayironi samatirira ku makala, ndipo ali ndi mankhwala akeake otchedwa desferrioxamine. Mowa nawo sugwidwa. Amene waledzera kachasu mpaka kukomoka sangatsitsimuke ndi makala, ndipo chimodzimodzi amene wamwa mowa wosakanizidwa ndi methanol, amene amachititsa khungu ndi imfa.

Madzi amchere ndiwatchule paokha, chifukwa anthu amawaona ngati chinthu chosalakwa. Mchere wambiri ukalowa m'magazi mwa mwana umasokoneza madzi a muubongo, mwana n'kuyamba kuphupha, ndipo ungamuphe ngakhale chimene anameza poyamba chinali chosaopsa. Mkaka ndi mazira sizigwira poizoni, ndipo kusanzitsa munthu mwadala madokotala anakusiya kale, ataona kuti kumatulutsa poizoni wochepa koma kumabweretsa ngozi zambiri.

Ku Dedza ndi ku Ntcheu poizoni amene tiyenera kumuganizira kwambiri ndi wa kumunda. Maboma awiriwa amadyetsa dziko mbatata ya kachewere, tomato ndi kabichi, ndipo aliyense amene anaimapo pamsika wa Lizulu amadziwa kuchuluka kwa mbewu zimenezi. Kuseri kwa milu ya tomato imeneyo kuli mabotolo a mankhwala opopera amene amasungidwa kuchipinda, pansi pa bedi kapena pafupi ndi ufa, ena atathiridwa m'timabotolo topanda dzina. Ambiri mwa oopsa kwambiri ndi a m'magulu a organophosphate ndi carbamate, ndipo tameki amene amagulitsidwa mobisa ngati mankhwala a makoswe ali m'gulu lachiwirilo. Mankhwalawa amatseka chinthu china m'thupi chimene ntchito yake n'kuzimitsa uthenga wa mitsempha ukafika kumene umapita. Chikatsekedwa, uthengawo suzima, ndipo thupi lonse limayamba kutulutsa madzi: dovu, thukuta, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, mwana wa diso n'kuchepa ngati kansonga ka singano, mapapo n'kudzaza madzi mpaka thovu kutuluka m'kamwa, minofu yopumira n'kufooka. Popeza ambiri ndi amadzimadzi, amalowa m'magazi mofulumira kuposa mapilitsi, ndipo wodwala amafika kuchipatala akusanza kale kapena akuwodzera, ndiye kuti ali m'gulu la anthu amene kuwamwetsa makala n'koopsa. Chimene chimamupulumutsa ndi jakisoni wa atropine, woperekedwa mobwerezabwereza mpaka mapapo atauma, pamodzi ndi okosijeni ndi kumuthandiza kupuma. Ngati mankhwalawo atayikira pathupi, monga zimachitikira sipuleya ikamadontha pamsana, zovala zivulidwe ndipo khungu litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri, wotsukayo atadziteteza m'manja, chifukwa amalowanso kudzera pakhungu, kumene makala a m'mimba alibeko gawo.

Umboni waukulu pa nkhaniyi unachokera ku Sri Lanka, dziko la alimi ang'onoang'ono ngati lathu, kumene gulu lotsogozedwa ndi Michael Eddleston linafufuza odwala 4,632 m'zipatala zitatu zolandira anthu ambiri a kumidzi, zotsatira n'kusindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2008. Ambiri mwa odwalawo anali atamwa mankhwala a kumunda kapena kudya njere za mtengo wina wa maluwa achikasu wotchedwa yellow oleander. Anawagawa patatu: ena sanapatsidwe makala, ena anapatsidwa magalamu 50 kamodzi, ndipo ena anapatsidwa magalamu 50 kasanu ndi kamodzi, maola 4 alionse. Pa odwala 100 alionse, omwalira anali 6.8 m'gulu loyamba, 7.1 m'gulu lachiwiri ndi 6.3 m'gulu lachitatu, kusiyana kochepa kwambiri kumene kungachitike mwamwayi chabe. Kafukufuku wocheperapo wa mu 2003 m'dziko lomwelo, wa odwala 401 amene anadya njere za mtengo uja, anali ataonetsa kuti makala obwerezabwereza amachepetsa imfa kuchoka pa 8 kufika pa 2.5 pa 100 alionse, koma wamkuluyu sanapeze zimenezo. Ena amawerenga zotsatirazi n'kunena kuti makala ndi achabechabe. Ine sindiwerenga choncho, pakuti theka la odwalawo linafika kuchipatala patadutsa maola oposa 4, poizoni atalowa kale. Chimene kafukufukuyu akutiphunzitsa n'chakuti kumalo kumene anthu amafika mochedwa, monga kwathu kuno, kudalira makala pa mankhwala a kumunda n'kuika mtima pa chinthu chimene nthawi yake yadutsa, ndipo chipatala chaching'ono chimene chili ndi atropine wokwanira ndi okosijeni chili ndi chuma choposa chimene chili ndi makatoni a makala.

Tibwerere kwa mwana wa ku Tsangano, chifukwa mapilitsi amene iye anameza ali m'kagulu kapadera kamene ndinalonjeza kukatchula. Mankhwala ena akalowa m'magazi sakhala momwemo mpaka kalekale. Ena chiwindi chimawatayira mu ndulu, ndulu n'kuwathira m'matumbo, matumbo n'kuwayamwanso, n'kumazungulira chomwecho. Ena amadutsa okha kuchokera m'timitsempha ta magazi ta m'khoma la matumbo kubwerera m'matumbomo. Mukaika makala m'matumbo n'kumawawonjezera maola angapo alionse, mankhwala aliwonse obwerera amagwidwa osayamwidwanso, ndipo pang'onopang'ono magazi amayera, ngati kuti matumbo asanduka sefa. Malangizo a mabungwe awiri aja a mu 1999 anatchula mankhwala 5 amene njira imeneyi ili ndi umboni wabwino: phenobarbitone ndi carbamazepine a khunyu, kwinini wa malungo, dapsone wa khate ndi theophylline wa mphumu. N'zochititsa chidwi kuti ngakhale mndandandawu unalembedwa ndi akatswiri a ku America ndi ku Ulaya, matenda ake onse ndi odziwika m'midzi mwathu. Ofufuza a ku Finland, Neuvonen ndi Elonen, anaonetsa mu 1980 kuti nthawi imene thupi limatenga kuchotsa theka la phenobarbitone imatsika kuchoka pa maola pafupifupi 110 kufika pa 20 munthu akamamwa makala mobwereza. Ntchito imeneyi ndi ya m'chipatala basi, chifukwa makala ochuluka chotere angathe kuumbana n'kutseka matumbo, ndipo anamwino amayenera kumamvetsera ngati m'mimba mukuyenda asanapereke mlingo wotsatira.

Njira yobwereza yomweyi madokotala amaigwiritsanso ntchito pa bowa wina woopsa amene amawononga chiwindi. M'nyengo ya dzinja, pamene bowa wa kutchire amadzaza m'mabeseni m'mbali mwa msewu, ndi bwino kudziwa kuti bowa amene amadwalitsa msanga nthawi zambiri si woopsetsetsa. Woopsetsetsa ndi amene amayamba kusanzitsa ndi kutsegula m'mimba patapita maola 6 kapena kuposerapo, wodwala n'kuoneka ngati wachira, kenaka maso n'kuyamba chikasu. Banja lonse limene linadya ndiwo imeneyo lipite, osati okhawo amene adwala.

Pa ululu wa njoka makala alibe ntchito, kaya akumwa kaya opaka pabala, chifukwa ululuwo walowa kale m'mnofu osadzera m'mimba. Ndipo pali poizoni mmodzi amene makala a m'mbaula eni akewo ndiwo amabweretsa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kwa ku Dedza kumafika m'mafupa, anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo, ndipo makala oyaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Wopezeka atakomoka m'chipinda chotere amutulutsire panja ndipo athamangire naye kumene kuli okosijeni.

Posachedwapa makala alowanso m'malonda. Akupezeka mu sopo, m'mankhwala otsukira mano, ndi m'timabotolo timene ogulitsa pa Facebook ndi pa WhatsApp amati timatsuka m'thupi. Palibe umboni wakuti makala amachotsa zoipa m'thupi la munthu amene sanamwe poizoni. Ntchito imeneyo chiwindi ndi impso zimaigwira usana ndi usiku. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti makala sasankha. Momwe amagwirira poizoni ndi momwenso amagwirira ma ARV, kuphatikizapo a dolutegravir amene a Malawi ambiri akumwa kuyambira mu 2019, mankhwala a TB, a khunyu, a kuthamanga kwa magazi ndi mapilitsi olera. Munthu amene amamwa supuni ya makala m'mawa uliwonse pafupi ndi nthawi ya mankhwala ake akhoza kumataya gawo la mankhwalawo m'chimbudzi osadziwa, kenaka n'kudabwa kuti tizilombo tachulukanso m'magazi kapena mimba yabwera mosayembekezereka.

Nkhani ina imene imachedwetsa anthu ndi manyazi. Sikuti onse omwa poizoni amamwa mwangozi. Ena, makamaka achinyamata ndi abambo amene apanikizika ndi ngongole kapena mikangano ya m'banja, amamwa mwadala pa kanthawi kamene mtima wawawa, ndipo abale amayamba ayesa zonse za pakhomo kuti mudzi usamve, kapena akafika kuchipatala amanena kuti wangodwala malungo. Dokotala amene wanamizidwa amataya nthawi kufufuza matenda amene palibe. Ambiri amene apulumutsidwa pa nthawi yotere amakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake, makamaka akapeza womvetsera mavuto awo popanda kuwanyoza, ndipo achipatala angathe kuwalumikiza ndi anamwino a za maganizo asanatuluke m'chipatala.

Wachipatala akalandira munthu amene wamwa poizoni amayamba waona ngati akupuma bwino ndi ngati magazi akuyenda, kenaka amafunsa chimene wameza, kuchuluka kwake ndi nthawi imene wamezera, chifukwa mayankho atatuwa ndi amene amagamula ngati makala athandiza, sathandiza kapena avulaza. Botolo, kapepala ka mapilitsi, bowa wotsala m'mbale, ngakhale chithunzi cha pafoni cha chizindikiro cha pabotolo, zimayankha bwino kuposa kukumbukira kwa munthu amene wasokonezeka ndi mantha. Pa ulendo wa mwana uja, namwino atafunsa kuti, “Amayi, mwanayu wameza chiyani?” mayi ake anangoti ndi timapilitsi toyera ta agogo, ndipo timapilitsi toyera tilipo ta mitundu mazanamazana. Mwamwayi, malume ake a mwanayo, amene anatsatira pa njinga ina, anali atatola kapepala kaja n'kukaika m'thumba la malaya. Panali polembedwa phenobarbitone, tsiku limene agogo analandira ndi chiwerengero cha mapilitsi, moti atawerenga otsala n'kuchotsera masiku amene agogowo anali atamwa, achipatala anadziwa pafupifupi kuchuluka kwa amene anali m'thupi mwa mwanayo. Anagona m'chipatala masiku angapo akuyang'aniridwa kapumidwe, n'kutuluka akuyenda yekha. Makala a mumtondo aja anatsala pakhonde m'kambale, chifukwa pomwe ankamaliza kusefa mwanayo anali atayamba kale kuwodzera, ndipo agogo ake anakaniza kuti asamuthire kanthu m'kamwa.